Thirela Sinayankhe

Lachiwiri, 10 Juni 2025

Kope latsopano, lachisanu ndi chinayi chipumireni ntchito. Tsamba loyamba ndilembe mmene zinthu zilili, monga ndichitira nthawi zonse.

Zaka 71. Bondo lakumanzere. Masitepe 412 kuchoka pakhomo kufika ku galaja ya Vitus, mlongo wanga. Chaka chatha anali 390.

Mathiraki odutsa pa Kamwendo kuyambira 7 koloko mpaka 12: 38. Olowera ku malire 21, obwerera 17. Oima pathu atatu.

Kakompyuta koyezera mathiraki lero kakwanitsa miyezi inayi. Anakatumiza Millicent, mwana wanga, kuchokera ku Joni, ati amalume ake asatsalire m'mbuyo. Kukula ngati buku la nyimbo. Chingwe chimodzi, mitu isanu yosinthira. Umakabaya pansi pa chiwongolero, kamaitana ziwalo za thiraki chimodzichimodzi, n'kulemba zimene zayankha. Zonse m'Chingerezi, tizilembo ngati nyerere. Vitus wakhala pansi pa magalimoto zaka 41, koma maso atha ndipo Chingerezi cha m'mabuku sichimulowa. Ndiye wowerenga ndine. Zaka 34 ndikuphunzitsa masamu ku Guilleme, mapeto ake mpando wa pulasitiki pambali pa matayala. Sindikudandaula. Kunyumba kulibe woti ndimuwerenge.

Vitus amakatcha kasing'anga ka mabatire.

Thiraki yoyamba, ya ku Chipata, yakalekale. Ilibe n'pobaya pomwe. Vitus anaika khutu, anamanga paipi, yapita. Yachiwiri, ya ku China. Chingwe chinalowa koma kakompyuta sikadziwa chilankhulo chake. A galaja yatsopano ya kutsidya kwa msewu ankayang'ana. Wina anaseka. Ndinamva.

Yachitatu, 10:40. Rodrick wa ku Dambe. Ndinamuphunzitsa Sitandade 6 mu 1998, mzere wachitatu, wamanzere, wamanyazi. Tsopano dalaivala wa a Nurdin, ogula mtedza a pa boma. Matumba 600, wa ku Lilongwe.

Anadandaula kawiri. Potsika: "Madamu, kumbuyoku kukulira ngati njuchi." Ndikubaya chingwe: "Ndikaima kukumanunkha ngati mphika wapsa."

Mizere isanu ndi iwiri pagalasi. Injini, giya, mabuleki a mutu wa thiraki, magetsi, mafuta, utsi: yonse yobiriwira. Wotsiriza, wa thirela, wotuwa. Umatuwa kawirikawiri. Pansi penipeni, chiwerengero cha zovuta: 0.

Vitus anali atanyamula kale jeke. Kukweza thirela yodzaza n'kuchotsa magudumu ndi maola awiri. A Nurdin anaimbira Rodrick foni katatu, ati nkhokwe amatseka 4 koloko. Vitus: "Achemwali, kasing'anga kakuti chani?" Ine: "Palibe vuto." Mokweza, kuti a kutsidya amve.

Anaika jeke pansi. Ndinalemba kapepala: Yayezedwa pa kompyuta, palibe vuto. Ndinasaina. Rodrick anakapinda, nati, "Ngati Madamu anena, ine ndine ndani."

Mphindi 14 zokha. Ananyamuka 10:54.

Lachitatu, 11 Juni

Uthenga unabwera dzulo lomwelo cha m'ma 4, ndi wa kabaza. Sindinalembe.

Makilomita 23 kuchokera pano. Magudumu awiri akumbuyo kumanzere kwa thirela anazuka thiraki ikuyenda. Thirela inapendama, inakokera mutu m'ngalande. Gudumu limodzi linadutsa m'munda wa munthu, linagwetsa khola. Mbuzi imodzi. Anthu ayi. Ndalemba mawu amenewa, anthu ayi, ndipo ndawayang'ana nthawi yaitali. Pamalopo ana asukulu amadutsa 1 koloko.

Rodrick: mkono wamanzere wathyoka pawiri. Nthiti zitatu. Ali ku chipatala cha pa boma.

Matumba opezeka 447. Otsalawo ong'ambika, kapena anamera miyendo.

Vitus anapita kumalo a ngozi pa njinga yamoto m'mawa. Anabwera 11:20. Sanandiyang'ane. Anasamba m'manja ndi sopo katatu, manja oyera kale.

Mathiraki sindinawerenge lero.

Lachinayi, 12 Juni

Ku chipatala. Minibasi inaima malo asanu ndi anayi. Ndinanyamula malalanje 10, shuga, sopo.

Bedi nambala 14, pafupi ndi zenera. Chikhakha kuchoka m'zala kufika paphewa. Nkhope yotupa mbali imodzi. Mkazi wake, Esitele, anandigwadira. Anandigwadira ine. "Agogo, mwavutikiranji ndi bondoli? Ambuye akudalitseni." Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pansi.

A Nurdin analowa ndili pomwepo. Munthu waulemu, sindinamvepo akukalipa. Ngakhale lero sanakalipe. Anatulutsa kapepala kanga m'thumba la malaya. Anakapeza m'thiraki, kali ndi dontho la mafuta pakona.

"Rodrick, taona. Aphunzitsi ako alemba okha. Kompyuta yaona, galimoto inalibe vuto. Ndiye vuto ndi phazi lako. Unkathamangiranji, ku Lilongwe kunali maliro?"

Rodrick anatembenuzira maso kwa ine. "Madamu, ndinali pa 60."

Ine ndinati, "Pepa mwanawe, uyambe wachira kaye."

Basi. Mawu asanu.

Matailosi a pansi kuchoka pa bedi kufika pakhomo: 31. Awiri osweka.

Loweruka, 14 Juni

Kabuku ka malangizo ka kakompyuta. Masamba 86. Mu Febuluwale ndinawerenga mpaka tsamba 24, pomwe afotokoza mabatani, n'kuona ngati ndamaliza. Lero lonse, ndi pensulo.

Tsamba 31: mzere wotuwa sutanthauza kuti chiwalo chili bwino. Utanthauza kuti chaitanidwa koma sichinayankhe.

Tsamba 33: kakompyuta kamamva zokhazo zimene zili ndi waya wopita ku ubongo wa thiraki. Chopanda waya, kwa iko, kulibe.

Tsamba 58: nambala ya vuto imakuuza kumene uyambire kufufuza, osati chimene chafa.

Tsamba 60: kufufuta nambala si kukonza.

Ndikufuna kulemba kuti sindinkadziwa. Ndilembe zoona, poti kopeli ndi langa. Tsamba 31 sindinaliwerenge, inde. Koma ndinawerenga mizere. Isanu ndi umodzi yobiriwira pa isanu ndi iwiri. Ine amene ndimawerenga nyemba za m'mbale. Ndinauona wotuwawo. Phokoso linali kumbuyo, fungo linali kumbuyo, ndipo mzere wa kumbuyo ndi umene unali chete. Ndinayang'ana ziro wa pansi chifukwa ndi amene ndinkamufuna.

Zaka 34 ndikusunga kaundula. Mwana wojomba pa tsiku la mayeso salakwa samu ngakhale imodzi. Koma sungalembe kuti wakhoza. Umalemba kamzere, n'kutuma munthu kukaona ngati akudwala. Aphunzitsi ongoyamba kumene ndinkawauza zimenezi chaka chilichonse. Wina ndinamuliza nazo misozi mu 2006.

Thirela inajomba. Ine ndinaikhozetsa.

Masana Vitus anaika kathumba ka shuga pa tebulo langa. M'kati zidutswa za beringi, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Anazitola m'ngalande. Timipukutu take timayenera kukhala 19. Tinalipo 7, tobiriwira ndi moto. Girizi ayi, phulusa lokha.

Ndinafunsa ngati kakompyuta kakanaona, thirela ikanakhala kuti inayankha. Anaseka kuseka kosakoma. "Beringi ilibe waya, achemwali. Ili ndi kutentha basi. Ukaika dzanja pakati pa gudumu umadziwa. Ngakhale mwana wa Sitandade 1."

Dzanja. Mphindi imodzi, osafuna n'jeke yomwe. Anayang'ana manja ake, n'kutuluka.

Lamulungu, 15 Juni

Misa yoyamba. Anthu olandira Ukalisitiya: 143. Ine ndinakhala pa benchi. Mayi wa pambali panga anandifunsa ngati ndi bondo. Ndinagwedeza mutu. Bodza lina, lopanda mawu.

Ndaganiza zopita kwa a Nurdin mawa.

Lachiwiri, 17 Juni

Sindinapite. Dzulo ndinawerenga ntchito zonse za galaja kuyambira Febuluwale. 63. Mwa zimenezo 27 ndi mathiraki anayi a a Nurdin. Akachoka iwo, amalonda anzawo a pa boma achoka nawo, poti amamwera tiyi pamodzi. Galaja ya kutsidya ili ndi chikwangwani chatsopano ndi mthunzi wa malata. Vitus ali ndi zaka 63, adzukulu anayi pakhomo. Ndikhala chete chifukwa cha Vitus. Ndalemba chiganizochi ndipo chikuoneka chowongoka bwino.

Lero Esitele anabwera pa kabaza, 9:15. Rodrick anatuluka m'chipatala Loweruka, ali ku Dambe. Dzulo analandira kalata yomuchotsa ntchito. Ndaiwerenga. Mizere isanu ndi itatu. Chifukwa: kuyendetsa mosasamala. Ndi mawu amenewo palibe mwini thiraki kuyambira pa malire mpaka ku Kanengo amene angamupatse makiyi. Zaka 11 akuyendetsa, osagunda ngakhale nkhuku.

Esitele wamva kwa wa m'sitolo kuti dalaivala akavulala popanda kulakwa, a Nurdin amamusungira malo, n'kuika wogwirizira. Anachitapo kawiri. Koma akalakwa, ayi. Munthu wina wa ku Kasungu akubwera Lachinayi kudzasaina.

Lachinayi. Masiku awiri.

Anabweretsa mbatata m'kathumba, 16. Pempho lake: kalata yopepesa, ya m'Chingerezi chabwino. "Abambo a Yamikani akukana, ati sanalakwe. Koma agogo, kulakwa kapena kusalakwa, ana adya chani? Munthu wamkulu ukamugwira mwendo amafewa. Inuyo Chingerezi chanu a Nurdin amachilemekeza."

Apa ndi pamene ndikanayankhula. Tinali awiri, chitseko chotseka. Pakamwa panatseguka. Chinatuluka ndi, "Tandipatsira magalasi ali pawindopo."

Ndinalemba. Mawu 112. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi m'kalembedwe. Ndikuvomera kuti ndinathamanga, ndikupempha chifundo, sindidzachitanso. Ndinailemba kawiri, yoyamba inali ndi dontho la inki.

Esitele anaiika m'pepala la pulasitiki kuti isade. "Dzanja lanu ndi lodalitsika, agogo."

Mbatata zili pomwe anaziika.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinavala nsapato zopitira ku boma 7:30. Ndinavula 8:10. Ndinaganiza kuti munthu sapita kukanena chinthu asanatsimikize. Ndiyese kaye.

Pa galaja pali thiraki ya a Chande, yodikira zipangizo kuchokera ku Lilongwe. Thirela yake ili pa zitsa, magudumu anayi ochotsa, ekiselo imodzi, chitsulo cholumikiza magudumu, ili pansi pa mtengo. Ndinapempha makiyi. Ndinabaya kakompyuta.

Isanu ndi umodzi yobiriwira. Umodzi wotuwa. Zovuta: 0.

Ndinazimitsa, ndinayesanso. Ndinasintha mabatire, ndinayesanso. Kasanu. Thiraki yopanda miyendo, yakhoza kasanu.

Vitus ankandiyang'ana ali pansi pa mtengo. "Ndiye ilembereni kapepala, achemwali, inyamuke."

Sindinaseke. Iyenso sanaseke.

Pomaliza inali 2:40. Ndinadziuza kuti nthawi yatha, minibasi zadzaza ndi a kumsika. Ndinawerenga zodutsa zolowera ku boma kuyambira 2:40 mpaka 4:00. Zisanu ndi ziwiri. Zinayi zinali ndi malo.

Lachisanu, 20 Juni

Ndinamuuza Vitus. Za mzere wotuwa, kuti ndinauona tsiku lomwelo. Za kalata ya Esitele. Ndinamuonetsa chiwerengero, 27 pa 63. Ndinati ndakhala chete kuti galaja isafe.

Chibadwire sanandikwezerepo mawu. Ndinamubereka kumbuyo ine ameneyu. Lero anaponya sipanala pa malata.

"Musandifunde ngati chitenje, achemwali! Ine ndinakupemphani? Masiku teni ndikudikira kuti muvale nsapato. Kapepala kali ndi dzina lanu. Ndikanapita ine kukanena kuti akulu anga ananama, anthu akanati chani? Ndimati aphunzitsi akudziwa nthawi yake."

Kenako anakhala pa tayala. Mawu otsika. "Jeke inali m'manja mwangamu. Ndinamva fungo lija ndili pa geti. Ndinasiya mphuno yanga n'kumvera kasing'anga, poti ndinatopa n'kusekedwa kuti ndine wachikale. Tonse tili m'madzi. Koma ine sindinalembe kalata."



Tinagwirizana: mawa, minibasi yoyamba. Iye anafuna kubwera. Ndakana. Siginecha ndi yanga.

Ndawerenganso chiganizo cha Lachiwiri chija, chowongoka bwino chija. Sichinali cha Vitus. Ndinkaopa kuima pamaso pa munthu n'kunena kuti Madamu analakwa. Zaka 34 wochonga ndinali ine.

Loweruka, 21 Juni

Masitepe 655 kuchoka pa depoti kufika ku sitolo ya a Nurdin. Ndinaima kawiri.

Ndinawapeza pa sikelo, akuyeza mtedza. Anandilowetsa mu ofesi, anaitanitsa tiyi. Ndinati tiyi adikire. Ndinaika zinthu zitatu pa tebulo: kathumba ka beringi, kabuku potsegula tsamba 31, kope lino potsegula tsamba loyamba.

Ndinanena monga ndinakonzera m'minibasi. Kuti Rodrick anadandaula za phokoso ndi fungo asananyamuke. Kuti kakompyuta sikanaone thirela konse, ndipo ine ndinadziwa. Kuti beringi singaoneke ndi kakompyuta kalikonse. Kuti inali itayamba kale kupsa ali pa geti pathu, ndipo ikanazuka ngakhale akanayenda pa 40. Kuti pa kapepala ndinayenera kulemba "sikanaone kanthu", ndipo ndinalemba "palibe vuto".

Anatenga kampukutu kamodzi, n'kumakagubuduza pa tebulo.

"Amayi, ine ndimatumiza magalimoto kwanu chifukwa ndinamva kuti kuli kompyuta. Ndimati kompyuta sinama."

Ndinati sikanama. Kanafunsidwa zochepa, kanayankha zochepa. Wonama anali womasulira.

Anatsegula kabati. Anatulutsa kalata ija, ikadali m'pulasitiki, siginecha ya Rodrick yokhotakhota, ya dzanja lamanja. "Nanga iyi? Lachitatu ndinali ndikuganizabe. Mtima unkandiuza kuti mnyamata uja si wothamanga. Ndiye kunabwera iyi. Mwini wake wavomera. Ndinati basi, nkhani yatha." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chingerezichi ndinachidabwa. Dalaivala salemba chonchi."

Ndinati ndinalemba ndine.

"Ndiye mwamugwetsa kawiri, amayi."

Ndinati inde.

Wa ku Kasungu anasaina Lachinayi, 3 koloko masana. Chaka chathunthu. Wasamuka kale ndi banja, ali m'nyumba ya kuseri kwa nkhokwe. "Ndimuchotse bwanji munthu wosalakwa kuti ndibwezere wosalakwa mnzake? Mukanabwera Lachitatu. Ngakhale Lachinayi m'mawa."

Lachinayi m'mawa ndinali nditavala nsapato.

Anang'amba kalata yochotsa ntchito pamaso panga, ndi yopepesa yomwe. Analemba ina ndi dzanja lawo: dalaivala wokhulupirika, zaka 11, ngozi inachitika chifukwa cha chitsulo. Anadinda. Ati aimbira mnzawo wa mathiraki a fodya. Sanalonjeze kanthu. Posaina anati, osandiyang'ana, "Inenso ndinaimba katatu tsiku lija, eti?" Ndinati katatu.

Mathiraki awo sabweranso kwa Vitus. Ananena mwaulemu. Anandiperekeza mpaka pakhomo.

Tiyi anabwera ndikutuluka.

Lolemba, 23 Juni

Ku Dambe. Minibasi, kenako kabaza mphindi 35. Fumbi mpaka m'mano.

Rodrick pakhonde, akusenda mtedza ndi dzanja limodzi, kuuphwanya pa bondo. M'lichero munali pang'ono. Anafuna kuimirira. Ndinati akhale. Mpando ndinaukana, ndinakhala pa mkeka.

Ndinapereka kalata yatsopano. Anaiwerenga kawiri. Ndinanena zonse monga Loweruka, osachotsa kanthu, n'kuwonjezapo za nsapato za Lachinayi. Esitele anaima pakhomo, manja m'chitenje. Sanagwade. Nditafika pa kalata yopepesa, anati, "Ndiye munkadziwa pomwe ndinkakupatsirani magalasi?" Ndinati inde. Analowa m'nyumba. Sanatulukenso.

Ndinauza Rodrick kuti unandiuza kawiri, mwanawe, ndipo kawiri konse sindinamve.

"Katatu, Madamu."

Ndinati kawiri. Ndinatulutsa kope. Ndinamuonetsa tsamba loyamba: potsika, ndi pobaya chingwe. Ngakhale pamenepo, pa mkeka wake, ndinkafuna chiwerengero changa chikhale cholondola.

Sanayang'ane m'kope. "Ndinali nditakwera kale, injini ikulira. Ndinatulutsa mutu pawindo. Ndinati, Madamu, kumbuyoko kakuonako? Munakweza dzanja chonchi." Anakweza lamanja, chikhatho kutsogolo, zala zogundana. "Ngati mu Sitandade 6. Mukatero tonse tinkakhala chete. Ndinabweza mutu."

Ndinakumbuka. Pomwepo, zonse. Utsi, dzuwa pa galasi, a kutsidya ataima pa geti pawo. Funso lenileni, lokhalo loyenera kufunsidwa tsiku limenelo. Mwana wa mzere wachitatu analifunsa, ine n'kumukhazika chete.

Sanandinyoze. Sanati wakhululuka. Anafunsa za bondo. Anaitana mwana wake wamkazi kuti andipatse madzi. Ponyamuka anati, "Chikhakha achotsa pa 28 Julaye. Kalatayi ndiyesa nayo." Anaiika pansi pa lichero kuti isauluke.

Pobwerera sindinawerenge kanthu. Sindikudziwa kuti tinaima kangati.

Lachiwiri, 24 Juni

Masitepe 418.

Oima pathu mmodzi. Dalaivala wa ku Chipata, wansangala, wonyamula simenti. "Amai, nili kumvela ati muli na kompyuta kuno?" Ndinati tili nako, koma kamaona theka. Anaseka, ankayesa nthabwala.

Isanu ndi umodzi yobiriwira, umodzi wotuwa, ziro. Vitus sanafunse kuti kakuti chani. Anali atayamba kale kuzungulira, dzanja pa gudumu lililonse. Anandiitana kuti ndigwire nane. Magudumu 22, malo ogwira 12. Onse ofunda chimodzimodzi. Dzanja langa lada mpaka pano, sopo wakanika.

Kapepala: Mutu wayankha, sunanene vuto. Thirela sinayankhe. Magudumu tagwira ndi manja. Dalaivala anati kapepala katalika.

Mbatata za Esitele zayamba kumera. Ndikazibzale kapena ndikazibweze, sindikudziwa chimene chili chaulemu.

A Nurdin sanaimbe. Mpaka pa 28 Julaye ndi masiku 34.

Ndafunafuna cholembera chofiira m'sutikesi ya mabuku a sukulu. Chikulembabe. Ndabwerera pa tsamba loyamba. Pamene ndinalemba kuti anadandaula kawiri ndadula ndi mzere umodzi, kuti cholakwacho chizioneka, monga ndinkawauzira ana. Pamwamba pake: katatu. Ndasaina m'mbali.

Kenako ndatsika pamene pali mphindi 14 zokha. Mawu akuti zokha amenewo ndinawalemba monyadira. Cholembera chili pamenepo, ndipo sindikudziwa kuti ndiwadule kapena ndiwasiye.